Chigamba Chinalipo, Wosoka Anasowa

Za kachilombo ka pa kompyuta kamene kanatseka zipatala za ku England m'chaka cha 2017

Pa Lachisanu, tsiku la 12 May m'chaka cha 2017, adokotala ndi anamwino a m'zipatala zambiri za ku England anayamba ntchito yao monga mwa masiku onse, koma dzuwa lisanapendeke ambiri a iwo anali atabwerera ku pensulo ndi pepala. Makompyuta amene amasunga maina a odwala, zotsatira za kupima magazi, zithunzi za m'kati mwa thupi ndi ndandanda ya oyembekeza opaleshoni anakana kutseguka. Pa galasi la kompyuta iliyonse yogwidwa panatuluka chikalata chofiira chouza mwini wake kuti zolembedwa zake zonse zatsekeredwa, ndi kuti akafuna kuzionanso alipire madola 300 m'ndalama ya pa intaneti yotchedwa Bitcoin. Wochedwa kupitirira masiku atatu anayenera kulipira madola 600, ndipo wochedwa kupitirira sabata anauzidwa kuti zonse zidzatayika. M'mbali mwa chikalatacho munali mawotchi awiri owerenga maola otsala.

Kachilombo kameneka, kamene akatswiri anakatcha WannaCry, sikanagwere England yekha. Pofika Lamulungu, mkulu wa Europol, bungwe la apolisi a maiko a ku Europe, Bambo Rob Wainwright, analengeza kuti ogwidwa anapitirira 200,000 m'maiko 150. Kampani ya lamya ya Telefónica ku Spain inauza antchito ake kuzimitsa makina. Mafakitale ena a galimoto a Renault ku France ndi ya Nissan ku Sunderland anaimitsa ntchito. Pa masiteshoni a sitima zapamtunda ku Germany apaulendo anaona chikalata chofiira chija pa zikwangwani zoonetsa nthawi ya sitima. Koma nkhani ya zipatala za ku England ndiyo yoyenera kuilingalira mofatsa, pakuti kumeneko Boma linafufuza poyera, ndipo zimene linapeza zinalembedwa m'malipoti amene munthu aliyense angathe kuwerenga. Malipotiwo anena zochepa za nzeru za mbala. Zambiri zimene anena ndi za makalata amene sanatsatidwe ndi za udindo umene unalibe mwini wake.

KUKULA KWA NGOZIYO

Zipatala za Boma ku Britain zili m'manja mwa National Health Service, ntchito ya zaumoyo imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1948 kuti munthu aliyense azilandira chithandizo popanda kulipira pa khomo la chipatala. Ku England zipatalazo zinkayendetsedwa m'chaka chimenecho ndi mabungwe 236, lililonse lili ndi akuluakulu ake ndi thumba lake la ndalama. Ofesi ya National Audit Office, imene imalondoloza chuma cha Boma m'malo mwa Nyumba ya Malamulo, inatulutsa lipoti lake mu October 2017, ndipo inapeza kuti mabungwe 81 mwa 236 aja anasokonezeka, ndiko kunena limodzi mwa atatu alionse. Ena anagwidwa ndithu. Ena anazimitsa okha makina ao chifukwa cha mantha, kotero kuti ntchito inaima chimodzimodzi. Kuonjezera apo, nyumba 595 za adokotala a m'madera, kumene munthu amayamba kupita akamva m'thupi, zinagwidwanso.

Akuluakulu a zaumoyo anayerekeza kuti odwala pafupifupi 19,000 amene anali ndi tsiku loonana ndi dokotala kapena lochitidwa opaleshoni anabwezedwa. Mwa iwo munali anthu osachepera 139 amene anatumizidwa mwamsanga kukapimidwa ngati ali ndi khansa. M'madera asanu, ndiwo London, Essex, Hertfordshire, Hampshire ndi Cumbria, maambulansi anauzidwa kupitirira chipatala chapafupi ndi kutengera odwala ku zipatala zakutali. Nthawi ya 4 koloko madzulo a Lachisanu lomwelo kunalengezedwa kuti kwagwa ngozi yaikulu, ndipo chilengezocho sichinachotsedwe kufikira pa 19 May. Palibe chipatala chimene chinalipira dipo. Zipatala sizinapereke lipoti la munthu amene anavulala kapena kufa chifukwa cha ngoziyi. Koma munthu amene anagona ndi njala kukonzekera opaleshoni, m'mawa nauzidwa kuti abwerere kwao, sangavomere kuti palibe chimene chinaonongeka.

MMENE KACHILOMBOKA KANAYENDERA

Mau akuti kachilombo asasokeretse munthu. Ka pa kompyuta si kamoyo ai. Ndi pulogalamu yolembedwa ndi anthu monga mapulogalamu ena onse, koma yolembedwa kuti iononge kapena ibe. WannaCry anali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba inali yotsekera zolembedwa: inkatenga kalata, chithunzi kapena kaundula niisanduliza kukhala chipwirikiti cha manambala chimene sichiwerengeka popanda mfungulo, ndipo mfunguloyo inkakhala ndi wakubayo. Katundu sachoka m'nyumba. Mbala imangoika loko wake pa chitseko cha mwini nyumba niima panja kuitanitsa ndalama. Chinyengo chimenechi n'chakale ndithu. M'chaka cha 1989 munthu wina wophunzira kwambiri, Dr Joseph Popp, anatumiza pa positi timadisiki pafupifupi 20,000 kwa anthu ogwira ntchito yolimbana ndi Edzi, ndipo amene anaika timadisikito m'makompyuta ao anauzidwa pambuyo pake kutumiza madola 189 ku bokosi la positi ku Panama.

Mbali yachiwiri ndiyo inachititsa mantha. Tizilombo tambiri timadikira kuti munthu atsegule kalata yachinyengo ya pa imelo kapena alowetse fulashi yodwala. WannaCry sanadikire munthu. M'pulogalamu ya Windows muli khomo limene makompyuta a mu ofesi imodzi amapatsiranapo mafailo ndi kugawana makina osindikizira. Khomolo amalitcha SMB, ndipo mtundu wake woyamba unapangidwa kale m'zaka za m'ma 1980. Pa khomo lakalelo panali mng'alu. Kachilomboka kakalowa m'kompyuta imodzi kankagogoda pa khomo la kompyuta ina iliyonse yolumikizana nayo, ndiponso pa makomo a makompyuta achilendo pa intaneti, ndipo kulikonse kumene kapeza mng'alu wosatseka kankalowa nikayambanso kugogoda. Amene anakhalapo m'nyumba za mdadada zimene denga lake ndi limodzi amvetsa msanga: mbala ikalowa pa nyumba ya kumapeto imakwawa kudenga nitsikira m'nyumba zonse, ngakhale eni ake anakhoma zitseko zao bwino lomwe. Chifukwa chake m'chipatala chimodzi makompyuta ambirimbiri anagwidwa m'kanthawi kochepa, popanda kalaliki kapena namwino mmodzi amene analakwitsa kanthu pa tsikulo.

MNG'ALU UNADZIWIKA KALE

Mng'alu umenewu sanautulukire ndi akubawo. Chida cholowera pamenepo, chotchedwa EternalBlue, chinapangidwa ndi National Security Agency, bungwe la Boma la America loona za ukazitape, limene linachisunga mwachinsinsi kuti lizichigwiritsa ntchito pa adani ake. Chidacho chinabedwa, ndipo pa 14 April 2017 gulu lodzitcha Shadow Brokers linachimwaza pa intaneti kuti aliyense wofuna atole. Patangopita masiku awiri chigwere ngozi ya zipatala, pulezidenti wa kampani ya Microsoft, Bambo Brad Smith, anadzudzula maboma amene amasunga ming'alu yotere m'malo mouza eni mapulogalamu, nayerekeza zimene zinachitikazo ndi asilikali a America kubedwa mizinga yao ya Tomahawk. Chidzudzulocho chinali ndi nzeru, ngakhale kuti wochinena anali mwini wa khomo long'alukalo.

Koma pali tsiku lina lofunika koposa. Pa 14 March 2017, mwezi wathunthu chidacho chisanamwazidwe, Microsoft inatulutsa chigamba chotseka mng'aluwo, chimene nambala yake ndi MS17-010. Chigamba ndi kachidutswa ka pulogalamu kamene mwini pulogalamuyo amatumiza kwaulere kuti kakonze cholakwika. Ntchito ya mwini kompyuta ndi kulola kuti chiikidwe, ndi kuzimitsa makinawo nawayatsanso. Kompyuta imene inalandira chigambachi WannaCry sanathe kuilowa pa khomo lija. Kuchokera pa 14 March kufika pa 12 May ndi masiku 59. Tsono funso la nkhani yonse ndi ili: m'masiku 59 amenewo munkachitika chiyani m'maofesi?

MAKALATA OPANDA WOWATSATIRA

Chenjezo silinasowe. M'chaka cha 2014 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi Cabinet Office analembera mabungwe a zipatala kuti akonzeke kusiya mapulogalamu akale monga Windows XP pofika April 2015. Mu March ndi mu April 2017 bungwe la NHS Digital, limene linkayang'anira za makompyuta a zipatala, linatumiza machenjezo onena kuti chigamba chiikidwe msanga. Chimene ofufuza anapeza n'chakuti Unduna unalibe njira yokhazikika yodziwira ngati amene analandira makalatawo anachita zimene anauzidwa. Wogwira ntchito m'Boma aliyense akudziwa ulendo wa kalata yotere. Imafika pa tebulo la bwana, bwana amalembapo pakona kuti uje aone, uje ali ku tchuthi kapena ku maliro, kalatayo imalowa mu failo, ndipo ku likulu amakhulupirira kuti popeza kalata inatuluka, ntchito yachitika.

Oyendera analiponso. Ngozi isanachitike, NHS Digital inali itayendera mabungwe 88 mwa 236 aja kukayesa chitetezo cha makompyuta ao, ndipo panalibe ndi limodzi lomwe limene linakhoza. Koma oyenderawo analibe mphamvu yokakamiza bungwe lolephera kuti likonze zimene zapezeka, ankangolangiza nachoka. Mu February 2018, patapita miyezi 9 chigwere ngozi, mmodzi wa akuluakulu a NHS Digital anauza komiti ya Nyumba ya Malamulo kuti mabungwe oyesedwa afika 200, ndi kuti onsewo alephera, ena a iwo pa nkhani yomweyo ya zigamba. Muyeso wake unali wokhwima, kunena zoona. Komabe mphunzitsi amene ana ake onse 200 alephera mayeso sadzitchinjiriza ndi mau akuti mafunso anali ovuta.

M'masiku oyamba manyuzipepala ambiri analoza chala Windows XP, pulogalamu yakale imene Microsoft inasiya kuisamalira mu April 2014, ndipo anthu anati zipatala zagwa chifukwa cha makina okalamba. Kufufuza kunaonetsa zina. Makina amene anali akadali pa Windows XP anali ngati 5 mwa 100 alionse, ndipo ambiri mwa makompyuta amene anagwidwa anali a Windows 7, pulogalamu imene pa nthawiyo inali ikulandirabe zigamba mwezi ndi mwezi. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Vuto likanakhala makina akale, mankhwala ake akanakhala ndalama, ndipo mlandu ukanapita kwa osunga chuma cha Boma. Popeza vuto linali chigamba chaulere chimene chinangokhala osaikidwa, mlandu unabwerera mu ofesi ya aliyense. Mkulu wa National Audit Office pa nthawiyo, Sir Amyas Morse, anati chiwembucho sichinali cha nzeru zakuya, ndi kuti chikanapewedwa zipatala zikanatsata malamulo wamba a kasamalidwe ka makompyuta.

N'koyenera kumva mbali ya ochedwawo, pakuti sanali aulesi onse. Chipatala sichigona, ndipo kuika chigamba kumafuna kuzimitsa kompyuta kwa kanthawi, chinthu chimene namwino wamkulu wa wodi yodzaza odwala salola mosavuta. Chigamba china chimasokoneza pulogalamu yakale imene chipatala chimadalira, kotero kuti wanzeru amayamba wachiyesa pa makina ochepa. Ndiponso makina ojambulira m'kati mwa thupi ndi opimira magazi ali ndi Windows m'mimba mwao, koma kawirikawiri pangano la kugula silola wina kuwakhudza koma kampani imene inawapanga. Makina otere 1,220 anagwidwa. Zifukwa zimenezi n'zoona, koma zimakwanira sabata imodzi kapena ziwiri, osati miyezi iwiri. Makina amene sakanatheka kuikidwa chigamba akanatha kupatulidwa kwa anzao, ndipo khomo lija likanatha kutsekedwa pa mpanda umene umalekanitsa makompyuta a chipatala ndi intaneti. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Ngozi itagwa, kunaoneka chinanso. Unduna unali ndi dongosolo lolembedwa la zochita pa chiwembu chotere, koma dongosololo linali lisanayesedwepo m'zipatala, kotero kuti ambiri sanadziwe woti amuimbire lamya. Ena anaimbira maofesi osiyanasiyana a zaumoyo, ena apolisi a m'dera lao. Popeza imelo inali yotsekedwa m'malo ambiri, malangizo ochokera ku likulu anavutika kufika kwa amene ankawafuna koposa, ndipo antchito anatumizirana mauthenga pa mafoni ao a m'manja ndi pa WhatsApp.

MNYAMATA WA KU ILFRACOMBE

Chimene chinaimitsa mliriwo sichinachokere ku unduna uliwonse. Ku Ilfracombe, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Devon, mnyamata wa zaka 22 dzina lake Marcus Hutchins, amene ankagwira ntchito yofufuza tizilombo ta pa kompyuta ali m'chipinda chake ku nyumba ya makolo ake, anapeza kachilomboka nayamba kukasanthula. Anaona kuti kasanayambe kuononga kankayamba kafunsa adiresi ina ya pa intaneti, dzina lalitali la zilembo zopanda tanthauzo, ndi kuti adiresiyo inalibe mwini. Anailembetsa pa mtengo wa madola 10.69, cholinga chake chili kulondola makompyuta ogwidwa amene adzagogoda kumeneko. Iye mwini anavomera pambuyo pake kuti poyamba sanadziwe kuti watseka mpopi. Olemba kachilomboka anakapanga motere: kakafunsa adiresiyo osayankhidwa, kapitirize, kakayankhidwa, kaleke. Kuyambira madzulo a Lachisanu lomwelo adiresiyo inayamba kuyankha, ndipo kufala kunachepa kwambiri. Makompyuta amene anali atatsekeredwa kale sanamasuke, koma ena osawerengeka anapulumuka.

Mwai wina unali wakuti ngoziyo inagwa Lachisanu, kotero kuti amisiri anapeza Loweruka ndi Lamulungu loika zigamba anthu asanabwerere ku ntchito Lolemba. Microsoft nayo inachita chinthu chachilendo, kutulutsa chigamba cha Windows XP imene inaisiya zaka zitatu m'mbuyomo. Mwai wotere palibe unduna umene ungaulembe m'dongosolo lake. Za Hutchins mwini wake, mbiri yake siinathere pa ulemu wokha. Mu August chaka chomwecho anamangidwa ku Las Vegas pa mlandu wina wosakhudzana ndi WannaCry, wa pulogalamu yobera anthu ku banki imene analemba asanalowe ntchito yoteteza. Anavomera mlanduwo m'chaka cha 2019, ndipo woweruza sanamutumize ku ndende, poona kuti anali atasintha kale njira zake.

Akubawo sanalemere nazo. Ndalama zonse zimene anthu a m'maiko onse analipira zinali ngati madola 140,000 pamene zinachotsedwa mu August 2017, ndipo kachilomboka kanalembedwa mosasamala kotero kuti eni ake analibe njira yabwino yodziwira amene walipira. Kulipira sikunali chitsimikizo cha kulandira mfungulo. Mu December 2017 maboma a America ndi Britain anati chiwembucho chinachokera ku North Korea, ndipo mu September 2018 America inatsegulira mlandu munthu wa dzikolo dzina lake Park Jin Hyok. North Korea inakana zonse. Ku mbali ya zipatala, Unduna wa Zaumoyo unawerengera mu October 2018 kuti ngoziyo inadya mapaundi 92 miliyoni, ndipo mapaundi 72 miliyoni mwa amenewo anapita pa kukonza ndi kulimbitsa makompyuta ngozi itapita. M'chaka chomwecho Boma linapangana ndi Microsoft kuti zipatala zisamukire ku Windows 10.

SEVA YA KU GHANA

Chigamba pachokha sichikwanira, ndipo umboni wake unafika pasanathe miyezi iwiri. Pa 27 June 2017 kachilombo kena, kotchedwa NotPetya, kanabuka ku Ukraine kudzera m'pulogalamu yowerengera misonkho ya M.E.Doc. Kanagwiritsa ntchito EternalBlue yemweyo, koma kanalinso ndi luso loba mau achinsinsi olowera m'makompyuta, kotero kuti kompyuta imodzi yopanda chigamba inkatha kupereka njira yolowera m'zinzake zimene zinali nacho. Kameneka kanaitanitsa dipo monga kanzake, koma kanali kongoononga, kopanda njira yobwezera kanthu. Britain ndi America anati kanachokera kwa asilikali a Russia. Kampani ya sitima zapanyanja ya Maersk, ya ku Denmark, inayenera kukonzanso makompyuta 45,000 ndi maseva 4,000, ndipo inataya ndalama pakati pa madola 250 miliyoni ndi 300 miliyoni.

Seva ndi kompyuta yaikulu imene imasungira makompyuta ena zinthu zao. Monga inasimbira magazini ya Wired m'chaka cha 2018, Maersk inali ndi maseva pafupifupi 150 osunga kaundula wa antchito ndi makina ake onse, amene ankakoperana okhaokha, ndipo chikhulupiriro chinali chakuti popeza ndi ambiri sangafe onse pamodzi. Anafa onse pamodzi, chifukwa onse anali olumikizana. Inapulumuka imodzi yokha, mu ofesi ya ku Ghana, pakuti magetsi anali atazima kumeneko chiwembu chisanafike ndipo sevayo inali yosalumikizidwa. Zimene zinali m'kati mwake anazinyamula pa ndege, kudzera ku Nigeria, mpaka ku England, ndipo ntchito yomanganso makina a kampani inayambira pamenepo. Kwa wosunga mafailo tanthauzo lake ndi lakuti kope lachiwiri limene lili pa chingwe chimodzi ndi loyamba si kope lachiwiri ai. Nkhokwe yomangidwa mophatikana ndi khitchini imapsera pamodzi ndi khitchiniyo. Kope loteteza limakhala pa disiki yochotsedwa ndi yosungidwa kwina, ndipo mwini wake amaliyesa nthawi ndi nthawi kuona ngati likutsegukadi.

MLONDA AMENE ANANGOLEMBA

Mwina wina anganene kuti pulogalamu yogwira tizilombo, imene ambiri amaidalira ngati mlonda, ikanathetsa zonsezi. Nkhani ya ku Ireland ikuyankha. Pa 14 May 2021 ntchito ya zaumoyo ya dzikolo, Health Service Executive, inagwidwa ndi gulu lotchedwa Conti, limene linaitanitsa madola 20 miliyoni. Kumeneku khomo linali lina. Ofufuza a PwC anapeza kuti pa 18 March wantchito mmodzi anatsegula failo ya Excel yobwera ndi kalata yachinyengo ya pa imelo, ndipo akubawo anakhala m'makompyuta masabata 8 akuyendayenda asanatseke kanthu. Pulogalamu yogwira tizilombo inawaona kumapeto kwa March, koma inali itaikidwa kuti izingoona ndi kulemba, osati kugwira, ndipo zizindikiro zina zimene zinaoneka pambuyo pake sizinatsatidwe mokwanira. Mlonda anaona mbala nalemba m'buku lake, bukulo nilisowa wowerenga. Bungwe lalikulu chotero linalibe mkulu mmodzi amene ntchito yake inali chitetezo cha makompyuta. Boma la Ireland linakana kulipira, akubawo anapereka mfungulo kwaulere pasanathe sabata, komabe kubwezeretsa makina kunatenga miyezi 4.

Amene amati zimenezi ndi nkhani ya makina chabe amve za ku London mu June 2024, pamene kampani ya Synnovis, yopima magazi a odwala a m'zipatala za King's College ndi Guy's and St Thomas', inagwidwa ndi ofuna dipo. Odwala oposa 10,000 anasinthiridwa masiku ao, ndipo chaka chotsatira chipatala cha King's College chinavomereza kuti kuchedwa kwa zotsatira za magazi kunali chimodzi mwa zimene zinachititsa imfa ya wodwala mmodzi.

KUNO KU MALAWI

Awerengi adzakumbukira kuti kumayambiriro kwa chaka cha 2024 kupereka mapasipoti kuno ku Malawi kunaima kwa masabata angapo, ndipo mu February amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a mapasipoti analowedwa ndi anthu ofuna dipo, ndi kuti Boma silidzalipira. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la m'chaka cha 2016 linakhazikitsa pansi pa MACRA gulu lothandiza pa ziwembu zotere. Koma gulu la ku likulu silingadziwe kuti mu ofesi ya maphunziro ya m'boma lakutilakuti muli makompyuta angati. Amene angadziwe ndi mkulu wa ofesiyo, monga amadziwira mipando ndi njinga zamoto zolembedwa m'kaundula wa katundu. Ndipo kaundula amene amanena nambala ya kompyuta akhoza kunenanso mtundu wa Windows imene ili m'kati mwake, tsiku limene inalandira chigamba chotsiriza, ndi dzina la munthu amene adzafunsidwa.

Pa sukulu nkhani imachepa koma siisintha. Kompyuta imodzi ya mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu imasunga malikisi a ana, maina a olemba mayeso ndi makalata a zaka zambiri, ndipo fulashi imene inali dzulo ku malo osindikizira mapepala pa msika imalowa lero m'kompyuta yomweyo. Pali ena amene amatseka dala njira yolandirira zigamba pofuna kusunga bandulo ya intaneti. Ndalama imene amasunga motero n'njoona, koma n'njochepa poiyerekeza ndi ntchito yolembanso ndi manja malikisi a sukulu yonse.

Windows 10, imene zipatala za ku England zinasamukirako pambuyo pa ngozi ya 2017, nayonso yakalamba. Microsoft inasiya kuitumizira zigamba pa 14 October 2025, kupatula kwa amene analembetsa m'pangano lapadera loonjezera nthawi. Windows 7 inasiyidwa kale mu January 2020. Makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018, kuphatikizapo ogwiritsidwa kale ntchito amene amafika m'masukulu ngati mphatso, alibe zofunika kuti alandire Windows 11. Amayaka m'mawa uliwonse monga kale, amalemba makalata ndi kusindikiza mayeso, ndipo mng'alu uliwonse umene wapezeka m'menemo kuyambira tsiku limenelo chigamba chake sichifika kwa iwo.